Lathe ya Amalume

Nditafika ku Mandevu mu 2009, malilo a amayi atangotha, chinthu choyamba chimene amalume anandiletsa sichinali mowa, fodya kapena anzanga a pamsewu. Anandiletsa kukwela pa lathe.

Inali kuseli kwa nyumba, pansi pa malata anayi okhomeledwa ku chipupa, yofunditsidwa tenti yakale ya lole. Kwa ine, mwana wa zaka khumi, chinali chabe chinsimbi chotuwa chimene nkhuku za ba anti zinali kuikilamo mazila. Koma Sondo iliyonse tikachoka ku chalichi, amalume anali kuvundukula tenti ija, kupukuta fumbi, kudontheza oilo pa njanji zake ziwili, kupukusa zogwilila zonse kupita kutsogolo ndi kubwelela, kenaka n'kufunditsanso. Zaka zonse zimene ndinakulila pa nyumba ija, sindinaimvepo ikulila.

Kwa inu amene simunaionepo, lathe ndi mashini imene imagwila chitsulo n'kuchizungulitsa, mpeni wolimba n'kumachisenda pang'onopang'ono mpaka chikhale shafiti, bushi, pini kapena bauti ya saizi yeniyeni imene mufuna. Yathu ndi ya Colchester, yopangidwa ku England, ndipo ndi yaikulu msinkhu kuposa ine. Amalume anaisewenzetsa kuyambila mu 1978 pa kampani ina ya ku industrial area. Boma litasintha mu 1991, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena n'kutsekedwa. Zambia Airways inatha mu December 1994, mabasi a UBZ anatsatila mu 1995. Kampani ya amalume inatseka mu 1996. Ndalama zawo za pomaliza sizinakwane, ndiye anapempha kuti m'malo mwa zotsalazo awapatse lathe imene anaimililapo zaka 18. Anzawo anawaseka. Inabwela pa lole, amuna asanu ndi atatu n'kuikunkhuniza pa mapaipi kuchokela pamsewu mpaka kuseli kwa nyumba.

Amalume anali ndi pulani. Mandevu ndi komboni ya anthu a manja. Akulu amakamba kuti dzina lenilenilo linachokela ku amuna a ndevu zazitali a chalichi cha Apositoli ochokela ku Zimbabwe, amene anakhala kuno ndi ku Marapodi, odziwika ndi ukalipentala, kuluka mabasiketi ndi kusula mabeseni ndi mbaula. Mpaka lelo ukayenda m'komboni umva nyundo ndi sowo. Amalume anaona kuti anthu onsewa, pamodzi ndi a zigayo ndi amakanika, amafuna wina wowasendela chitsulo. Anali otsimikiza kuti pofika Monday adzakhala bwana wa iwo eni.

Chimene sanaganizile ndi mawaya. Ku kampani, mota ya lathe inali kudya malaiti a three-phase, obwela ndi mawaya atatu amoyo. Pa nyumba yathu, monga pa nyumba yanu, pamabwela single-phase: waya umodzi wamoyo ndi neutral, 230 volts.

Kusiyana kwake ndinakumvetsa bwino osati m'kalasi, koma pokumbukila kumudzi ku Katete. Munaonapo azimayi atatu akusinja mu mtondo umodzi? Wina akatsitsa munsi, wachiwili ali pakati, wachitatu ali m'mwamba. Mtondo sukhala wopanda munsi. Mkati mwa mota ya three-phase muli makoilo atatu, ndipo malaiti amafika pa koilo iliyonse mosinthana chimodzimodzi, ka 50 pa sekondi. Mphamvu ya maginito imachoka pa koilo yoyamba kupita pa yachiwili, n'kupita pa yachitatu, n'kubwelela, moti imazungulila yokha ndi kukoka shafiti. Mukaipatsa single-phase, mphamvuyo simazungulila, imangokankha ndi kubwelela pa malo amodzi. Zili monga kuponda pedulo ya njinga itaima chilili pamwamba: muponde bwanji, siipita kutsogolo kapena kumbuyo. Mota imangong'ung'udza, kutentha, ndipo mukaisiya imapsa.

Amalume anayesa njila ya chingwe mu 1997. Anachotsa malamba, n'kukulunga chingwe pa pule, n'kuchikoka mwamphamvu monga olizila jeneleta, wina n'kuyatsa swichi. Mota inazungulila ndithu, chifukwa ikangopatsidwa poyambila imapitiliza. Koma atabweza malamba, inabuula, mababu a maneba anafiila, ndipo fungo la vanishi wopselela linadzaza pabwalo. Anazimitsa msanga. Anafunsapo za kubweletsa three-phase pa nyumba, koma mtengo wake sunali wa munthu amene wangochotsedwa nchito. Anafunditsa tenti. Munthu amene anali kuyeza chitsulo mpaka pa kagawo kochepa kuposa tsitsi anakhala malonda wa usiku pa geti ya munthu ku mayadi.

Mu 2023 BP ndi shuga zinawagwetsa. Nchito ya ulonda inatha, mankhwala anafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo nyumba yonse inatsamila pa tebulo la tomato ndi kapenta la ba anti pa maliketi. Nthawi yomweyo anyamata ogula sikilapu anayamba kuzungulila. Mudziwa mmene amanunkhizila chitsulo.

"Ba mudala, iyi nsimbi ili chabe ku waste," anatelo mmodzi, atatsamila wilibala yake. "Tizaiphwanya, tiipime, mutenge ndalama lelo lelo."

Amalume sanayankhe. Ba anti ndiwo anayankha usiku, tikudya.

"Zaka zingati manje? Vinsimbi sitizadya. Mankhwala yasila, lendi ya tebulo ifunika. Ngati siisebenza, igulisiwe."

Ndikufuna mumve bwino: ba anti sanalakwe. Iwo ndiwo anali kuuka 04:00 kupita ku Soweto kukaoda tomato. Chitsulo choposa theka la tani chimene sichinabweletsepo ngwee imodzi m'zaka 27 sichingapambane mkangano ndi botolo la mankhwala lopanda kanthu. Amalume anayang'ana mbale yawo, n'kukamba motsitsa mawu kuti, "Chabwino, amake mwana. Mvula ikatha, aitenge."

Ine ndinachita manyazi. Ndinali nditatsiliza kosi ya zamagetsi ya TEVETA, ndikuyenda m'makomboni kuika mawaya m'nyumba za anthu, koma sindinagwadepo n'kuwelenga kachitsulo ka pa mota imene ndinakula nayo. M'mawa mwake ndinatenga tochi ndi sandipepa. Panalembedwa 3 hp, kutanthauza pafupifupi 2.2 kW, 380 volts, 50 cycles.

"Amalume, nipaseniko mpaka mvula isile," ndinatelo.

"Iwe mwana, usandipatse chiyembekezo chabodza. Ndakalamba nacho."

Choyamba chinali nkhani ya star ndi delta. Makoilo atatu aja angalumikizidwe m'njila ziwili. Mu star, nsonga imodzi ya koilo iliyonse imakumana ndi zinzake pa mfundo imodzi, ndipo pa 380 volts koilo iliyonse imalandila 220 chabe. Mu delta, makoilo amagwilana mutu ndi mchila monga ana ochita bwalo, ndipo koilo iliyonse imalandila mphamvu yonse ya pa mawaya. Ndiye mota ya 380 ya star mukaisintha kukhala delta, imakhuta ndi three-phase ya 220 kapena 230. Mamota ambili a masiku ano ali ndi mabauti asanu ndi limodzi m'kabokosi ka mawaya, ndipo kusintha n'kungotembenuza tuzitsulo tutatu twa kopa. Nditatsegula kabokosi ka yathu ndinapeza mabauti atatu chabe. Mfundo ya star inali yobisika mkati mwa makoilo, monga mmene mamota ambili akale a ku Britain analili.

Amalume ndiwo anakumbukila mnzawo wakale wa ku Chaisa, mdala woluka mamota. Tinaikweza pa wilibala. Mdalayo anatsegula chivundikilo, n'kufufuza ndi chala pakati pa zingwe zouma ndi vanishi, mpaka anapeza pamene nsonga zitatu zinawotchelelana. Anazilekanitsa, n'kulumikiza mawaya atatu atsopano, n'kumanga, n'kupaka vanishi. Kenaka anayeza ndi megger kuona ngati malaiti sathawila ku thupi la mota. Anagwedeza mutu mokondwa.

"Iyi mota ili na moyo kuchila ise tonse babili," anauza amalume. Anakana ndalama. Anati tidzamusendele shafiti ikadzayamba kusewenza.

Kuchoka apo njila zinali zitatu, ndipo ndinayamba ndi yochipa: makapasita. Kapasita imasintha nthawi imene malaiti amafikila pa waya wachitatu, moti mota imanamizidwa kuti pali munsi wina mu mtondo. Njilayi imatchedwa ndi dzina la Charles Steinmetz, katswili wa zamagetsi wobadwila ku Germany amene anasewenza ku General Electric ku America. Pa 230 volts pamafunika pafupifupi 70 microfarad pa kW iliyonse, ndiye ine ndinafuna cha m'ma 150. Ndinazipeza kwa wokonza ma air-con m'tauni. Mota yopanda malamba inanyamuka bwino, ine n'kulumpha. Titaika malamba, pa magiya othamanga inalephela kunyamuka popanda kapasita ina yoyambitsila, ndipo mpeni ukaluma kwambili inali kufooka ndi kutentha. Ndi mmene njilayi ilili: mota imapeleka cha m'ma magawo awili mwa atatu a mphamvu yake, ndipo makoilo sadya mofanana. Pa ka gilainda kapena dililo yopepuka ingakuthandizeni. Pa lathe yofuna kusenda shafiti ya chigayo, iyai.

Makapasitawo anandiphunzitsanso china. Tsiku lina nditazimitsa swichi, ndinagwila mawaya ndi dzanja. Ndinapezeka nditakhala pansi pakati pa nkhuku, mkono wonse utachita dzanzi. Kapasita imasunga malaiti ngakhale mwazimitsa. Aphunzitsi anakamba zimenezi m'kalasi, koma mkono ndiwo unamva.

Njila yachiwili ndi kupeza mota ina ya three-phase yaikulu kuposa yanu, n'kuisiya izizungulila yopanda katundu pa single-phase. Ikamazungulila imabala malaiti pa waya wachitatu, ndipo mashini yanu imadya kuchokela pamenepo. Ndi njila yolimba, ndipo ingadyetse mashini zingapo. Koma ife tinalibe mota yachiwili, ndipo mota yongozungulila tsiku lonse imadya ma units ngakhale simukusenda kanthu. Pa mita ya prepaid imene ba anti amaiyang'ana m'mawa ndi madzulo, zimenezo sizikanatheka.

Yachitatu ndi VFD. M'mashopu ena amaitcha inveta, koma si ija ya solar ndi mabatile. Ndi kabokosi kolingana ndi buledi. Imatenga single-phase ya pa nyumba, kuisandutsa DC, n'kuidulanso mwaluso kukhala three-phase ya 230 volts. Mota ya delta imalandila minsi yake yonse itatu, mphamvu yake yonse. Imanyamuka pang'onopang'ono m'malo modzidzimutsa mawaya a komboni yonse, ndipo liwilo mungalisinthe ndi kabatani. Vuto lake linali limodzi: mtengo. Ndinali ndi theka chabe, ndipo January anali kutha.

Sindinapemphe ba anti. Anamva ndikukamba pa foni ndi wa shopu. Patapita masiku atatu, anandiitana kukhichini n'kumasula mfundo ya chitenge. Inali ndalama ya chilimba, mwezi wawo wolandila, imene anafuna kuonjezela nayo katundu pa tebulo.

"Ni nkhongole iyi, si mphaso," anatelo. "Ikakanga, nsimbi iyenda, na iwe uzanibwezela. Osauza amalume bako."

Ndinasewenza mosamala kuposa pa nyumba iliyonse imene ndinaikamo mawaya. Mota ya 2.2 kW ikalemedwa imakoka malaiti oposa 13 amps imene pulagi ya m'nyumba imalola, ndiye ndinakoka waya wonenepa wakewake kuchokela pa bokosi la mabuleka, ndi buleka yake. Ndinakhoma ndodo ya earth m'nthaka n'kumangilila thupi la lathe, chifukwa munthu woimilila pa simenti yonyowa atagwila chitsulo alibe mwayi wachiwili. Swichi yakale ya lathe ndinaichotsa pakati pa VFD ndi mota, chifukwa kudula mawaya amenewo mota ikuthamanga kungaphe VFD. Chogwilila chakale choyatsila ndinachilumikiza ku tumawaya tolamulila, kuti dzanja la amalume lipeze zinthu pamene linazisiya. VFD yeniyeniyo ndinaiika m'bokosi lokhala ndi mpweya, kutali ndi tuzidutswa twa chitsulo.

Tinayatsa pa Chiwelu china mu February 2024. Amalume anavala ovolosi yawo ya buluu imene sindinadziwe kuti akali nayo. Anakankha chogwilila. Panamveka kaphokoso kopyapyala ngati ka udzudzu, kenaka chaki inayamba kutembenuka, pang'ono, pang'ono, mpaka inafika pa liwilo lake n'kukhazikika. Mababu sanaphethile. Amalume anaika dzanja pa bokosi la magiya monga mmene umagwilila mwana pamphumi, n'kumvetsela nthawi yaitali.

"Beling'i ya kumbuyo ifuna oilo," anatelo. Ndi zokhazo zimene anakamba. Koma poika chitsulo choyamba, manja amene amanjenjemela pogwila kapu ya tiyi sananjenjemele.

Mukudziwa zimene zinatsatila, chifukwa munalipo. Mvula ya chaka chimenecho inakana. Pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo mu March ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti maola asanu ndi atatu pa tsiku. Maolawo anapitiliza kukwela. Pofika mu September, makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu chabe, nthawi zina osawaona n'komwe. Lathe inayembekeza zaka 28 kuti ipeze minsi itatu, ndipo itaipeza, ngakhale umodzi uja unasowa. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa china chochita panalibe.

Tinachita zimene owotchelela mageti a ku Garden ndi ometa tsitsi a m'komboni anachita: tinasandutsa usiku kukhala usana. Tinali kusiya swichi ya babu ya kuchipinda yoyatsa. Ikawala 01:00, ndinali kumva amalume akukhosomola ndi kufunafuna nsapato. Masana tinali kuyeza, kudula zitsulo ndi sowo ya manja ndi kunola mipeni pa mwala, kuti malaiti akabwela tisataye mphindi. Nchito yoyamba inali shafiti ya mdala wa ku Chaisa. Yachiwili inali mahinji a geti. Kenaka anabwela wa mashini youmba mabuloko, mapini ake atadyeka, ndi wa chigayo amene anauzidwa kuti sipeya yake iyenela kuchokela kunja. Maneba anadandaula za phokoso la usiku mpaka tsiku limene amalume anasendela mmodzi wa iwo bushi ya wilibala yotungila madzi, osamulipilitsa.

Sitinalemele. Ndikambe zoona, miyezi ina ndalama ya lathe inangokwana mankhwala ndi ma units. Ba anti analandila nkhongole yawo yonse mu November, n'kuiwelenga kawili pamaso panga. Manje ndiwo amasunga buku la maoda, ndipo palibe amene amatenga chitsulo chake asanalipile.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Poyenda ndi nchito yanga ya mawaya ku Matero, ku George ndi ku Chawama, ndayamba kusuzumila kuseli kwa nyumba. Mashini zofunditsidwa matenti zilipo: madililo a pa nsanamila, mapuleni a matabwa, makompulesa, zonse zochoka m'makampani amene anatseka makolo athu akali anyamata. Zambili sizinafe. Zinangofika pa nyumba ya mawaya awili. A sikilapu amazigula pa kilo, monga kuti chitsulo chimene chinapalidwa mosamala kuti chiyeze zinzake n'chimodzimodzi ndi mbaula yobooka. Ngati pa nyumba panu pali yotele, musanaitane wa wilibala, tengani tochi muwelenge kachitsulo ka pa mota. Onani ma volts, onani ma kW, welengani mabauti a m'kabokosi. Kenaka itanani munthu amene anaphunzila zamagetsi, osati wongokolowekela mawaya pa polo, chifukwa malaiti sakhululuka.

Ndipo fulumilani, chifukwa chitsulo chopakidwa oilo chingayembekeze zaka zina 28, koma amene adziwa kuchisewenzetsa sangathe. VFD ndinaimanga m'masiku awili. Kunola mpeni kuti usende bwino, kumva ndi khutu kuti liwilo lachuluka, kudula ulusi wa bauti kuti nati ilowe ndi zala popanda kugwedela, zimenezo sizili pa YouTube mmene zilili m'manja mwa amalume. Maso awo ayamba kuchita nkhungu. Manambala a pa micrometer ndine ndimawawelengela.

Usiku wina wa October, kukutentha, malaiti atabwela 02:00, amalume anamanga chitsulo mu chaki, n'kubwelela m'mbuyo. Anakankha ndi phazi thabwa lija limene amaimililapo, kulisendeza kwa ine.

"Kwela apa," anatelo. "Pinda malaya. Kiyi ya chaki usaisiye m'menemo ngakhale kamodzi. Dzanja lamanzele apa, lamanja apa. Usathamange, chitsulo chidzakuuza chokha."

Ndinakankha chogwilila. Kachingwe koyamba ka chitsulo kanatuluka kopotana, kotentha, n'kugwela m'thileyi mmene nkhuku zinali kuikila mazila. Ndinasenda mopitilila, pini inatuluka yoonda, ndipo tinaitaya. Amalume anatenga chitsulo china pa mulu n'kundipatsa.

"Yambanso," anatelo. "Tikali ndi maola awili."